Khoma Limene Ndinawonjezera pa Pulani

Koleji ya mishoni ndinaisiyira pakati, pa chifukwa chimene aphunzitsi anachitcha ulesi, ine ndimachitcha kufatsa. Ndinatulukako ndi dzanja lodziwa kulemba mzere wowongoka, ndipo dzanjalo linandipezera ntchito pa mgodi wina ku Kitwe, mu ofesi ya mapulani a nyumba. Mzungu ankajambula, ine n'kuika pepala lopyapyala pamwamba, n'kulondola mizere yake ndi inki.

Chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba, mzunguyo anatulukira nyumba yatsopano ya anthu akuda: yozungulira, ya simenti kuyambira pansi mpaka denga, chipinda chimodzi. Ankati luso la makolo athu lakwatirana ndi nzeru za makina. Anandifunsa ngati ikufanana ndi za kwathu. Kwathuko munthu akakuonetsa khanda lake sumuuza kuti mutu wakula. Ndinati, "Ndendende, bwana." Anazimanga mizeremizere, imodzi n'kundipatsa ine.

Mkazi wanga atatopa ndi pakati, kunabwera apongozi, mayi ake, kudzadikirira. Mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi, ngakhale kutafuna pamaso pawo satafuna. Nyumba yozungulira ilibe ngodya yobisalapo, ndipo msomali wokolekapo nsalu unkangopindika pa simenti. Ndinasamukira m'kakhitchini ka malata, mvula ili pakati.

"Bambo," anatero mkazi wanga, "nyumba mumajambula ndinu, koma mukugona ndi nkhuku."

"Ine ndimakopera, mayi. Kujambula kuli ndi eni ake."

"Ndiye koperani khoma."

Pa pulani ya nyumba zotsatira ndinawonjezera mzere umodzi wodula chipindacho pakati, ndi kampata ka chitseko. Ndinkati zikatha ndipemphe kusamukira komweko. Amisiri sakangana ndi pepala, anamanga monga linanenera.

Mzungu anazindikira makoma atafika m'mapewa. Sanakalipe. Analowa, natuluka, nalowanso, akusisita khomalo ngati ng'ombe yogula. Kenaka anafunsa amene anakhudza pulani yake. Inki inali yanga, pokanira panalibe. Anandichotsa ntchito.

Pa mgodi ntchito ikatha, nyumba yathanso tsiku lomwelo. Tinakwera lole ya makala kupita ku Ndola, kwa mkulu wina wa mpingo wathu. Mkazi wanga anagwira mimba njira yonse. Apongozi anakhala chondifulatira monga mwambo ufunira, ngakhale tsiku limenelo sindikhulupirira kuti unali mwambo wokha.

Makomawo sanawagwetse. Ndinamva kuti nyumbazo anapatsa makalaliki akuluakulu, ndipo alendo ankabwera kudzaona mmene bwanayo amaumvetsera moyo wa munthu wakuda.

Mwana wathu anabadwira m'kachipinda kosungira makasu ndi matumba, kwa eni ake. Kunena zoona, kanali ndi ngodya zinayi, ndipo apongozi anasankha yakutali kwambiri ndi ine.