Njinga yanu anaichotsa pachithunzi, Malume

Malume, lero ndakuonani pa foni. Mnzanga wanditumizira nkhani ya m'nyuzipepala ina ya ku Amerika yokamba za njala mu Afirika, ndipo nkhope ili pamwamba pake ndi yanu, inu amene tinakuikani m'manda dzinja lathali. Pansi pake alemba kuti ndinu mlimi wosowa chakudya. Dzina lanu palibe.

Tsiku limene anakujambulani ndinalipo. Tinkapita kumsika wa pamalire a Muloza, njinga yanu italemedwa ndi matumba a nandolo, pamene mtolankhani wachizungu anatiimitsa, ine n'kukhala womasulira. Munandikoka malaya n'kunena kuti, "Mphwanga, tamufunse. Bwanji akuti njinga ndiisiye uko, ndikaime pa nyumba yakugwayi? Ndi yanga kodi?" Iye anayankha kuti pamenepo m'pamene pakuwala bwino. Munaseka, "Kani kuwala kwa ku Amerika kumaopa nandolo?" Munaimabe, poti mlendo sakanizidwa. Ndawalembera a nyuzipepalayo kuti akonze, koma ndikukayika ngati ayankhe. Choncho ndikukonza ndekha pano: ndinu a Fransisko a ku Mongue, ndipo chaka chimenecho nkhokwe yanu inadyetsa ana anga.