Sitima ya Zitini ya a Chiumia

A Levison Chiumia anafika ku Kande ali kale ndi imvi, ngakhale kuti chibadwire ankakutchula kuti kwawo. Anabadwira pakomboni ya mgodi wina ku Zimbabwe, kumene bambo awo anapita wapansi ali mnyamata, n'kutchona. Pakombonipo Amalawi a mitundu yonse ankamvana m'Chichewa, choncho Chitonga a Levison ankangochimva patalipatali; akati ayankhule, lilime linkakana.

Ntchito yawo inali pa kasitima kamalasha kamene kankatuta miyala kuchokera kuphiri la mgodi kutsikira kuchigwa. Njanji yake inali yopapatiza, moti mwana ankaidumpha osathamangira. Anayamba ndi kupaka girisi, kenako anakhala wosonkhezera moto. Pamene ankati ayambe kuyendetsa okha, mgodi unagula malole, njanji n'kuzulidwa.

Zinthu zitathina m'dzikomo mu 2008, anatenga akazi awo a Sabina, zofunda ndi bokosi la zida, n'kusiya manda a mwana wawo mmodzi yekhayo, Rodgers. Ku Kande anawalandira ndi Watipaso, mwana wa msuweni wawo, amene ankayang'anira malo a banja. Anawalozera kadera kamchenga kumtunda kwa msewu, komwe chinangwa chinkabereka mizu yonga zala.

"Ada, ndi pomwe patsala," anatero Watipaso, akuwatchula kuti bambo m'Chitonga. "Mukanabwera kale."

A Levison anathokoza. Anamanga kanyumba, nayamba kuzungulira midzi panjinga, kumata mapoto ndi ndowa zobooka. Anthu sanawade, koma sanawazolowerenso. Ankawatchula kuti matchona aja, ndipo kutchalitchi nyimbo ikayamba, awiriwo ankangogwedeza milomo.

Sitima inayamba chifukwa cha matenda. Tsiku lina a Sabina anagwa akuanika chinangwa pathandala, ndipo atatsitsimuka, mbali yonse yakumanja inali itafa. Panalibe wowasiyira, kotero a Levison anakoloweka njinga, n'kumagwirira ntchito pakhonde, akazi awo atagona pamphasa pambali pawo. Miyezi inadutsa mayiyo akungoyang'ana kudenga la khonde. Masana ena a Levison anapinda kachidutswa ka chitini cha mafuta ophikira, manja akungodziyendera, mpaka kanaoneka ngati mutu wa sitima.

"Chumuniyo yatalika," anatero a Sabina, mawu akutuluka mokhota. "Yanu ija inali yaifupi, yonenepa ngati mkazi wa folomani."

A Levison anaseka mpaka misozi. Anadula chumuniyo pomwepo.

Kuyambira pamenepo anaika mtima wonse. Kuseri kwa nyumba anamanga chisakasa cha udzu, m'katimo nakhoma thebulo lalitali la matabwa otsala kwa ocheka. Phiri analiumba ndi dothi la pachulu losakaniza ndi simenti pang'ono. Njanji anazipanga ndi masipoko a njinga, kuwawongola ndi hamala limodzilimodzi, n'kuwamangirira pa tizidutswa ta nsungwi. Mlatho unali wa nthiti za maambulera othyoka. Mateyala ndiwo anawasautsa. Zitsekerero za mabotolo zinkangochoka panjanji sitima ikafika pokhota, ndipo dzinja lonse linatha akuyesa ichi ndi icho, mpaka anasungunula mtovu wa batire lakale la galimoto, n'kuuthira m'tizikombole ta dothi. Kamota anakachotsa m'wailesi ya kaseti. Tsiku limene sitima inakwera phiri yokha, ikukoka mabogi atatu odzaza timiyala, anathamangira pakhonde n'kubereka a Sabina kumsana kuti adzaone.

Sankapanga chidole. Ankafuna njanji ija mmene inalili iwo ali anyamata: kukhota kulikonse, malo opatukirana, kanyumba ka mlonda wa pamlatho. Pa zimenezi ankakangana ndi akazi awo kwambiri.

"Bambo a Rodgers, thanki ya madzi inali musanafike pamlatho."

"Inali titawoloka. Ndinkamwetsapo injini ndine."

"Inu munkaona moto wokha. Ine ndinkagulitsa mazira pansi pa thankiyo, ndipo mlatho ndinkauona kumunsi."

Anaganiza usana wonse, kenako anazula thanki n'kuisuntha.

Njanji itatha, a Sabina anati pakusowa anthu. A Levison anayamba kuumba tianthu tadongo, totalika ngati chala, kutiwotcha pambaula n'kutiveka tinsanza. Anaumba bambo awo atanyamula fosholo. Anaumba a Sam, dalaivala wawo wakale, ndi chipewa chopendekeka. Anaumbanso Rodgers ali mwana wasukulu, ataima m'mbali mwa njanji mmene ankaimira podikira kuti bambo ake amuponyere chimanga chootcha pamoto wa injini.

Poyamba anthu ankadzaza chisakasa, pakuti kuderali kulibe njanji ndipo ambiri sitima yapamtunda ankangoimva. Ankafunsa mayina a tianthuto, a Levison n'kumatchula mokondwa.

"Nanga iwowo ali kuti tsopano?"

"Anamwalira."

"Uyu?"

"Nayenso."

Azimayi ankayang'anana. A Levison sankaona, maso ali pa sitima.

A Sabina anakhala zaka zingapo, kenako anamwalira m'nyengo ya mwera, naikidwa kumanda a banja. Patapita mwezi a Levison anawaumba nawonso, ndi kadengu ka mazira pamutu, n'kuwaimika pansi pa thanki. Ntchito ya mapoto inachepa chifukwa anthu anali atazolowera ndowa zapulasitiki, ndiye nthawi yambiri ankakhala m'chisakasa. Odutsa panjira popita kuchitsime ankamva kamota kakulira, ndiponso mawu a mkuluyo akuyankhula ndi munthu wosayankha.

Amene anawachenjeza ndi Flora, mlongo wake wa Watipaso, yemwe anakwatiwa ku Limphasa ndipo ankawabweretsera mpunga akabwera kudzaona abale.

"Ada, wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu akuyankhula. Sitimayo ikhale, koma tianthuti chotsani."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mumasunga akufa."

"Nanga ndiwataye? Mwana wanga, manda a ambiri mwa awa ali kutali, sindidzawaonanso. Ndi dongo chabe ili, gwira uone."

Flora sanagwire. Anasesa pabwalo, natsanzika.

Chaka cha 2022 chili pakati, Watipaso anatuma mwana wake wamkazi, Queen, kukasiya poto wothyoka chogwirira. Mwanayo anali atangoyamba kumene sukulu. Anaima pakhomo la chisakasa poto ali m'manja, pakamwa pali yasa.

"Agogo, ine sindinakwerepo sitima."

"Ukufuna kukwera?"

Anagwedeza mutu. Pobwera kudzatenga poto anabweretsa kansalu kachikasu kotsala pamene telala ankasoka diresi lake. A Levison anamuumba, namuveka, n'kumukhazika m'bogi yakutsogolo pamwamba pa timiyala. Sitima inazungulira phiri, Queen akuomba m'manja. Anathamangira kwawo akufuula njira yonse kuti agogo amukweza sitima. Anthu anamva.

Kolera inayambira m'misasa ya asodzi, n'kulowa m'midzi. Inatenga mkulu wina wa mpingo, inatenga mayi woyamwitsa. Queen anayamba kutsegula m'mimba m'mamawa, ndipo pofika naye kutenti ya odwala maso anali atalowa kale m'kati. Mawa lake anamwalira. Azaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki poteteza otsala, ndipo amayi ake sanaloledwe kumusambitsa, ngakhale kumuona nkhope. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo, popanda kugona pasiwa.

A Levison anapita kukapepesa. Atafika pamene panakhala azibambo, amene anali pabenchi anaimirira mmodzimmodzi mpaka anatsala okha. Anati mwina ndi mantha a matenda. Anapita kwa Watipaso atagwira chipewa m'manja, koma iye anayang'ana kumbali.

Anthu anabwera kwa mkuluyo mawa lake dzuwa lili paliwombo. A Levison anali m'chisakasa, atatola kachidole ka Queen, akuganiza ngati n'koyenera kukapereka kwa amayi ake. Anamva mapazi ambiri pamchenga. Watipaso analowa poyamba, maso ali psuu, kumbuyo kwake anyamata onyamula zibonga ndi nkhafi zopalasira bwato.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Watipaso, mwana wanga, pepa. Inenso mtima..."

"Tambasulani dzanja."

Anatambasula. Kansalu kachikasu kanaonekera, ndipo panja mayi wina anakuwa.

"Onsewa ndi akufa," anatero Watipaso akuloza pathebulo. "Munatiuza nokha. Ndiye wanga wamoyo munamuikiranji pakati pawo?"

A Levison anatsegula pakamwa. Yankho linalipo: mwanayo anapempha yekha. Koma analiona kuchepa kwake asanalinene, ndipo m'Chitonga, chimene mwina chikanafika pamtima pa bamboyo, analibe mawu ake.

"Anafuna kukwera," anatero chapansipansi.

Nkhafi yoyamba inagwera paphiri, n'kuligawa pakati. Mkuluyo anadziponya pathebulo kuti atchinge, ndipo anyamatawo anawakokera panja ndi miyendo. Wina anatola hamala yawo yomwe. Anawaponda dzanja lamanja pamwala wosulira zitini, n'kulimenya mpaka linaleka kuoneka ngati dzanja. Udzu wa chisakasa unali wouma. Moto sunachedwe, ndipo unalumphira kunyumba.

Mphunzitsi wina amene ankaonera patali ndiye anaimbira apolisi. Apolisiwo anafika anthu atayamba kale kutola miyala. Wapolisi wamkazi, wa ku Dedza malinga ndi mayankhulidwe ake, anaima pakati n'kukalipa kuti kolera imabwera ndi madzi oipa, ndipo aliyense woponya mwala akagona m'chitolokosi. Kenako anagwada pambali pawo.

"Agogo, gwirani khosi langa. Tiyeni."

Ali m'galimoto a Levison anafunsa ngati wina anatolako mutu wa sitima. Wapolisiyo anati sanaone kanthu kotoleka.

Kuchipatala anadula zala ziwiri, zotsalazo zinapola zitapindika. Wapolisi uja anabwera kudzafunsa mayina a amene anawamenya. A Levison anati sanaone bwino.

"Agogo, mudzi wonse ukudziwa amene anatsogolera."

"Waika mwana dzana. Musiyeni."

Ena anagwidwabe, koma popanda wodandaula wolimba nkhaniyo inazilala. Ku Kande kunalibenso kobwerera. Flora anabwera ndi mwamuna wake Yotamu, nawatengera ku Limphasa, ngakhale kuti mlongo wake anamutumizira mawu akuti asadzapondenso pakhomo pake. Anawapatsa kachipinda kosungiramo matumba a mpunga.

Yotamu anali munthu wachifundo. Poona mkuluyo akungokhala, anatolera zitini ndi masipoko kwa wokonza njinga ku Mpamba, n'kuwaikira pakhomo.

"Ada, dzanja lamanzere lilipo. Ine ndizikugwirirani pulayala."

A Levison anayang'ana zitinizo, nathokoza m'Chitonga.

"Yewu, mwana wanga. Koma amene ankadziwa pamene panali chilichonse anapita. Ndekha ndingalakwitse."

Sanazikhudzenso. Ntchito imene anapempha inali yoingitsa mbalame mpunga ukayamba kucha. Ankapita kumunda ndi kampando, n'kukhala pamzere wa pakati pa madzi, chingwe chili kudzanja lamanzere. Mpheta zikatera ankakoka chingwe, koma kufuula sankafuula, ndipo nthawi zina Flora ankawapeza mbalame zikudya pafupi ndi mapazi awo. Alimi oyandikana nawo ankawadziwa ngati agogo a kwa Yotamu, opuwala dzanja, osakonda kucheza. Za sitima palibe amene anamvapo kwa iwo.

Chimene ankafunsa kawirikawiri chinali chimodzi: ngati manda a a Sabina akulimiridwa. Flora ankayankha kuti inde, ngakhale kuti nayenso anali asanapiteko.

A Levison anadwala chibayo m'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri, ndipo sanalimbane nacho. Atamwalira, Yotamu anakwera minibasi kupita ku Kande ndi akulu awiri a mpingo, kukapempha kuti akaikidwe pambali pa akazi awo. Anapeza Watipaso akusoka ukonde, ataonda, mkazi wake atabwerera kwawo. Anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Kumandako kuli mwana wanga," anatero, osakweza mutu. "Sangagone malo amodzi."

Akuluwo anayesa kunena za chikhululukiro, koma iye anapitiriza kusoka. Yotamu ndi akuluwo anabwerera ku Limphasa.

A Levison anaikidwa ku Limphasa, kumanda a kwawo kwa Yotamu, kumapeto kumene amaika alendo. Pofotokoza mbiri yawo, mkulu wa mpingo anafunsa Flora monong'ona kuti anene kuti malemuwa ankagwira ntchito yanji. Flora anaganiza, nayang'ana anthu amene anasonkhana, ndipo anati anene kuti ankamata mapoto. Mwambo unafupikitsidwa, chifukwa inali sabata yomweta mpunga ndipo ambiri anali atasiya mitolo ili pamtetete kumunda.