Ndinkamwera Achimwene Masamba Aawisi

Achimwene anga aakulu anayamba ndi kugwetsa zinthu. Kapu, sopo, kiyi wa njinga. Ankagwira ntchito kufakitale ya tiyi, m'chipinda chija amayalamo masamba opotedwa kuti afiire, ndipo anali munthu woti akakupatsa moni umayamba waona ngati zala zako zonse zabwerako. Ndiye dzanja lamanja litayamba kufota, tonse tinati ndi kutopa. Linatsatira lamanzere. Kenako lilime linayamba kulemera.

Ine ntchito yanga ndi kaunjika. Pa Boma, ku Goliati tsiku la msika, paliponse pamene munthu angayese jekete n'kunama kuti lamuthina kuti ndimutsitsire. Choncho abale anasankha ine kuti ndiwaperekeze kuchipatala ku Blantyre, ati pakamwa panga palibe manyazi. Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kulendewera m'malamba a mabwana.

Adokotala anali mayi wofatsa, wooneka wotopa. Atawagogoda m'mawondo, kuwatulutsitsa lilime ndi kutibweza maulendo angapo, anatiuza kuti mitsempha imene imatenga uthenga kuchoka ku ubongo kupita ku minofu ikufa pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ochiza palibe.

"Palibiretu?" ndinafunsa.

"Palibe, bambo."

"Ngakhale ongochepetsako? Tikambirane, adokotala."

"Si pamsika pano, iwe," anatero achimwene, mawu akukokeka.

Koma ine munthu akati ayi m'pamene ndimakhazikika bwino pampando. Ndinafunsa chimene chimapha mitsemphayo. Adokotala anati palibe akudziwa bwinobwino, ofufuza akungokayikira zinthu zingapo. China n'chakuti mpweya timapumawu, thupi likaugwiritsa ntchito, umasiya tizinthu tolusa timene timadya maselo monga dzimbiri lidyera malata. Thupi lili ndi alonda ake ogwira tizinthuto, koma mwa odwala ena zikuoneka ngati alondawo amachepa mphamvu. Anacheukira achimwene nati, "Inu mukudziwa zimene mpweya umachita tsamba likapotedwa." Achimwene anagwedeza mutu.

"Alonda amenewo sagulitsa?" ndinafunsa.

Adokotala anaseka pang'ono. Anati ena, otchedwa maantiokisidanti, amapezeka m'zipatso, m'ndiwo zamasamba, ngakhale mu tiyi, makamaka amene sanafiire. "Koma mundimvetse. Ofufuza akuyesa, sanapeze kuti zimachiza matendawa. Musakauze anthu kuti tiyi ndi mankhwala."

Sindinauze anthu. Ndinangotchulako kwa bambo wina amene tinapanikizana naye mu minibasi yochokera ku Limbe, ndipo ndinanena momveka bwino kuti sizichiza. Kungoti mawu akuti "sizichiza" anatsikira pa Bvumbwe, enawo n'kupitirira ulendo. Mmene kumacha, m'malayini monse mwa antchito a paesiteti zinali zitamveka kuti adokotala a ku Blantyre alamula masamba aawisi.

Kwathu sulowa m'nyumba ya wodwala chimanjamanja. Kale anthu ankabwera ndi nthochi, kaufa, nandolo. Tsopano akanabweretsanso chiyani, mankhwala atatizungulira mpaka kumapiri? Amayi othyola tiyi amadziwa kulowetsa nsonga zanthete mumpango kapitawo akayang'ana kumbali. Ankabwera nazo, alamu anga, akazi a achimwene, n'kuziwiritsa. Madzi ake obiriwira, owawa ngati ndulu. Ndipo mlendo sankanyamuka asanaone kuti kapu yake yatha. Ukanati ukane, pa matenda osadziwika mutu ngati amenewa, ndiye kuti ukumuganizira kuti wathiramo kanthu.

Vuto linali lakuti achimwene anali atayamba kuvutika kumeza. Zamadzimadzi n'zimene zinkawatsamwa kwambiri, ndipo adokotala anali atatichenjeza kuti zikalowera kumapapo n'zoopsa. Alamu ankadziwa, ine ndinkadziwa, koma ndani akanabweza mlendo?

Lamulungu lina anatsamwa mpaka maso kufiira, alendo ali pomwepo akulimbikitsa kuti amalize. Atapezako mpweya anandikodola ndi chibwano.

"Wayambitsa ndiwe," anatero movutikira. "Katseke."

Ndinatuluka pakhonde. Panali patafika kale amayi ena achikulire, mtsogoleri wa amayi akutchalitchi, kapu yawo ikufuka nthunzi m'manja mwa alamu.

"Amayi, lero amwa kale," ndinatero.

"Amwa a ndani? Anga sanamwe."

"Adokotala anati sizichiza."

"Nanga munaneneranji?"

"Chabwino. Theka la kapu."

"Yodzaza."

"Kasipuni kokha, ndipo Loweruka mubwere pamsika mudzasankhe bulauzi."

"Bambo inu, mukundiyesa ndabwera kudzagula malaya? Kapena mukufuna kunena kuti masamba angawa ali ndi kanthu? Nenani, anthu amve."

Ndakumanapo ndi ogula ouma mtima, oti amachoka n'kubwerera dzuwa litapendeka, koma amayi amenewa sakanatsika ngakhale utawagwadira. M'nyumbamo achimwene anali akutsokomolabe.

Ndinalanda kapu ija kwa alamu.

"Ine ndi iwo bere ndi limodzi," ndinatero. "Ndikamwa ine, amwa iwo."

Ndinkayembekeza kuti andiseka. Amayi aja anandiyang'ana kwa kanthawi, akundiyeza ngati nsalu.

"Mumalize," anatero. "Ndi zapansizo."

Ndinamaliza, ndi zapansizo. Lilime linauma ngati ndatafuna nthochi yaiwisi.

Kuyambira tsiku limenelo linasanduka lamulo, ngati kuti makolo analisiya kalekale. Mlendo akafika, ankayamba wafunsa ngati womwera alipo. Ndikakhala kumsika ankadikira, ena ankanditsatira komweko ndi botolo. Tulo tinandithawa. Pamsika ndinkasiya kasitomala jekete lili theka m'thupi n'kuthamangira kuseri, anzanga a kaunjika akufunsa ngati ndili ndi pakati. Koma m'nyumbamo munakhala bata. Alamu ankawadyetsa achimwene phala lolimbako, pang'onopang'ono, popanda wowayang'anira m'kamwa. Mawu atawathera, ankandisekabe ndi maso ndikalowa nditakwinya nkhope.

Anamwalira m'nyengo ya mvula, ali m'tulo, osati chifukwa chotsamwa kapu ya munthu. Chimenecho chokha ndiye ndinapindula pa malonda onsewa.

Chondiwawa n'chakuti nkhani sinathere pamaliro. Zaka zadutsa, ine ngakhale chimfine chimandilambalala, ndipo kumalayini ndine umboni woyenda. Wina akadwala miyendo, amandiloza: onani amene ankamwa uja, ali gwa, amene sankamwa tinaika. Ndafotokoza za dzimbiri, za alonda a m'thupi, za ofufuza amene akuyesabe, mpaka kukhosi kuuma. Amamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, kenako wina amafunsa kuti ndinkawiritsa nthawi yaitali bwanji.