Kamera ya alamu pa ulendo wa ku Mozambiki

Ayi, siinali yanga kamera ija, ine ndikanaitenga kuti? Inali ya alamu anga, mchimwene wa akazi angawa, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni ku Limbe. Mukawaona Loweruka akutsika minibasi pa Namitambo, magalasi akuda ali pamphumi, mumati eni sitolo ndi omwewa. Chonsecho ntchito yawo inali kupukuta kauntala.

Nkhani inayambira kwa amayi anga. Mng'ono wawo anakwatiwa ku Mozambiki nkhondo isanayambe, ndipo sanaonanenso. Amayi miyendo inali itatupa, kuyenda kunali kutakanika. Anangoti, "Pita ukandijambulire nkhope yake, ndiione ndisanafe."

Ine ndimafuna kubwereka ya filimu kwa ojambula a kumpingo kwathu ku Mbombwe, yoyendera mabatire omwewa a m'magolosale. Alamu anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, inu mukadali m'nthawi ya atsamunda eti? Ya dijitoyi ilibe filimu. Mukajambula mukuona pompo."

Chikwama anandilongedzera okha, ngati ine mwana. Mapepala anga odutsira pamalire anawajambula, n'kundiuza kuti ndiwasiye, anyowa ndi mvula, zonse zili m'kameramo. Chaja anachotsanso, ati ndi katundu wachabe, batire yake siitha msanga. Munthu woti ulendo wake wautali ndi wa ku Limbe n'kubwerako! Mwayi wake akazi anga amawadziwa achimwene awo. Anakulunga mapepalawo m'jumbo ya shuga n'kukankhira pansi pa chikwama. Nanga pamalire paja akanadinda pati, pa kagalasi ka kamera?

Kutsidya ndinayenda masabata, wapansi, kufunsa mudzi ndi mudzi m'Chilomwe changa chothyokathyoka. Tsono chimene alamu sanaganize n'chakuti woyenda amagona pa anthu. Bambo wa pakhomo akaona kamera ankati, "Tijambuleni." Ankasamba kaye, kudzola mafuta, kuvala jekete. Mukajambula, afuna adzione. Kenako amayi a pakhomo, kenako apongozi, kenako adzionenso chifukwa poyamba sanaone bwino. Ndiye ndimaganiza, munthu wakupatsa mkeka ndi mbale ya kalongonda, ungamuuze kuti batire? Sizitheka. Magetsi kulibe, ndipo ngakhale akanakhalako, chaja inali ku Limbe.

Amayi aang'ono ndinawapeza akuyanika makaka a chinangwa. Titalira n'kumaliza, ndinafotokoza chimene ndinabwerera. Anakasamba, anabwereka mpango watsopano kwa aneba, anakhala pampando manja pamaondo, nkhope atailimbitsa. Ndinadina. Kagalasi kali bii. Ndinadinanso, ndinachotsa batire, kuipukuta pamalaya, kuyanika padzuwa. Ayi ndithu. Chinthu chodzaza nkhope za anthu osawadziwa, ya munthu mmodzi amene anandituma kudzajambula ayi.

"Chafa?"

"Chafa, amayi."

"Ndiye akulu angawo anakutuma nkhope yokha? Odwala miyendo ndi iwowo, ine yanga ili bwino."

Anamanga kamtolo tsiku lomwelo. Koma kunena zoona miyendoyo siinali bwino monga ankanenera. Pofika pamsewu waukulu anali akupuma pa mtengo uliwonse, ine mtima uli m'mwamba kuti ndiwaphera panjira mayi a eni. Ndi pomwe panaima lole ya nandolo.

Kwathu tinawapeza amayi ali pakhonde. Anayamba n'kufunsa kuti chithunzi chili kuti, kenako anaona amene anali kumbuyo kwangayo. Anawayang'anitsitsa, n'kuti:

"Iwe, mano unasiya kuti?"

"Komwe munasiya miyendo inuko."

Anagwirana, osasiyana. Alamu atamva anangoti mwina ndinkadina molakwika. Mukafuna wondithandiza pa ulendo umenewo, ndi mkulu wa lole uja, amene anatsitsa mnzake kutsogolo kuti pakhale gogo, n'kutifikitsa mpaka pamphambano ya kwathu. Dzina lenileni sindinalimve, aliyense ankangowaitana kuti a Dalaivala.