Ambulera ya Tiruwork

Mlongo wanga Mekuria anali telala ku Addis Ababa, ndipo ulendo wake uliwonse unkayambira patebulo lodulirapo nsalu. Mvula ikangotha, maluwa achikasu atadzaza m'mapiri, ankasesa tizidutswa tonse, kutenga choko n'kujambula dziko pathabwapo. Ine Wubalem, mchemwali wake wamkulu, ndinachiona chojambulacho kangapo, ndipo sichinkasintha.

Ankayamba ndi mizere iwiri yozungulira. Wina unali Dessie, kwa ine. Wina unali Woldiya, kwa msuweni wathu Demissie.

"Awa ndi malo otulapo katundu," ankatero. "Munthu wanzeru sasenza sutikesi tsiku lililonse. Tigona kwa achemwali, m'mawa tipita kunyanja ya Hayk, madzulo tibwerera. Lolemba ku msika wa Bati kukaona ngamila, madzulo tibwerera."

Kuchokera ku Woldiya ankalemba timadontho tokhotera kumapiri mpaka ku Lalibela, kumene makolo akalekale anasema matchalitchi m'thanthwe. Apo mawu ake ankatsika: "Uku ndi mwina. Tchuthi chikatsalako."

Kwa mkazi wake Tiruwork, timadonthoto ndiye tinali ulendo wonse. Mwana wawo Fikre ali wakhanda anadwala mpaka tonse tinataya mtima, ndipo mayiyo analonjeza kwa Mulungu kuti mwana akachira, adzapereka ambulera ya ansembe ku Lalibela ndi manja ake. Mwana anachira. Mekuria anasoka ambulerayo yekha, yofiira psuu, ya mphonje zagolide, n'kuikulunga m'nsalu yoyera. Chaka ndi chaka inkakwera nawo basi.

Tsono anthu amati ndine ndinkawadyera tchuthi. Ine? Mlongo wako wafika ndi mkazi wake, iwe ungawapatse madzi okha? Ndinkapha nkhuku, kuiphika ndi tsabola ndi mazira, kuyala injera, buledi wathu wopyapyala uja, mpaka mbale osaoneka. Khofi kwathu ndi makapu atatu, wonyamuka kapu yachitatu isanafike watukwana nyumba. Ndiye anzanga oyandikana nawo, aliyense kufuna kuwamwetsa wakewake. Ukamwa kwa uyu n'kulumpha uyo, wayatsa moto umene ine ndizima ndekha chaka chonse.

Mekuria ankayesa ndithu. "Achemwali, mawa tinyamuka."

"Unyamuka bwanji nkhuku ina itafa kale? Ukufuna ndidye ndi ndani?"

Chaka china ndinam'bisira nsapato m'dengu la ufa. Anazifuna nyumba yonse atavala masokosi, Tiruwork akuseka mpaka kugwira nthiti. Akafika ku Woldiya, Demissie sankafuna kuti zimveke kuti waposedwa ndi mkazi wa ku Dessie, choncho iye ankapha nkhosa. Nkhosa siitha tsiku limodzi. Podzati tsopano tikhotere kumapiri, tchuthi chatha, akwati akudikira madiresi awo ku Addis. Ambulera inkabwerera pamwamba pa kabati.

Koma abale, anali masiku okoma! Utsi wa lubani m'nyumba, udzu wauwisi woyala pansi, Mekuria akundiyeza m'chiuno ndi maso n'kunena kuti nsalu ya chaka chatha siikwananso, mlamu wanga akundiluka tsitsi pakhonde. Ndimawasowa masiku amenewo mpaka pamtima kuwawa. Tiruwork sanadandaulepo. Pokwera basi ankangosisita phukusi lija n'kunena kuti, "Chaka chamawa, bambo a Fikre."

Zaka zinapita, Fikre anakwatira, nayenso n'kukhala ndi ana. Ndi iyeyo anadzandiuza pambuyo pake zimene zinachitika tsiku lina m'mawa. Amayi ake pothira khofi anathira pambali pa kapu, n'kupitiriza kuthira osadziwa. Kuchipatala anati maso akuzima ndipo sabwereranso. Mekuria anapita patebulo lake, anafufuta mizere yozungulira ija ndi chikhatho, n'kulemba mzere umodzi wowongoka. Palibe kutula katundu kwa aliyense. Palibenso kuuza aliyense.

Anaiwala chinthu chimodzi. Basi ya masiku amenewo inkagona ku Dessie. Iwo anakagona kunyumba ya alendo, m'tauni yanga, ngati anthu opanda m'bale! M'mawa mayi wina wogulitsa barele wokazinga padepoti, amene timapemphera limodzi, anandithamangira. "Ndaona phukusi lalitali lija la alamu anu pawindo la basi."

Ndinambwandira tambala pabwalo, kumupanira m'khwapa, ulendo wa kudepoti. Ndinam'peza Mekuria pampando wakumbuyo atadzifunda nsalu kumutu, munthu wa imvi zake.

"Iwe! Ukubisala ndani? Wamwalira liti mchemwali wako kuti uzigona m'nyumba zolipira?"

Anavundukula nkhope, koma sanaseke. "Achemwali, lero sinditsika. Ngakhale mundivule nsapato, ndipita wopanda nsapato. Muyang'aneni mlamu wanu."

Tiruwork anali akumwetulira, koma nkhope atalozetsa kumene ine kunalibe. "Alamu, ndinu? Bwerani pafupi ndikugwireni."

Ndinayang'ana tambala, tambala n'kundiyang'ana. "Sunthani," ndinatero. "Nkhukuyi mudya basi, kaya ndi ku Lalibela."

Podutsa ku Woldiya tinawerama tonse atatu, ine nditam'tseka tambala kukamwa kuti Demissie asatimve. Mlamu wanga anaseka mpaka misozi.

Tinafika titayera ndi fumbi. M'mawa mwake tinatsikira m'ngalande zamiyala pamodzi ndi khamu la anthu ovala zoyera. Mekuria ankafotokoza chilichonse, apa pali zenera, apo pali mtanda, pamene mkazi wake ankangoyendetsa zala pakhoma. Kenako tinafika pamphanga imene anthu amadutsa popanda nyale popita ku tchalitchi china. Mdima wake wa bii. Mlongo wanga, mwini mizere yonse ija, anaima chilili.

"Amake Fikre, sindikuona kanthu."

"Ndiye mwafika kwathu," anatero Tiruwork. "Gwirani nsalu yanga. Alamu, gwirani malaya a mlongo wanu." Anatitsogolera akuimba pang'onopang'ono mpaka tinatulukira kowala.

Pakhomo la tchalitchi panali wansembe wokalamba. Tiruwork anagwada, anamasula nsalu yoyera ija n'kupereka ambulera ndi manja ake awiri. Wansembe anaitambasula padzuwa. Zaka zonse zija za pakabati ndi m'mabasi zinali zitaidya. Kufiira kunali kutatha, yangotuwa ngati dothi, mphonje zitathothoka, ndipo njenjete zinali zitaboola timabowo tomwe dzuwa linkadutsamo.

Tiruwork anakweza nkhope, maso ali gwa, kwa nthawi yaitali.

"Ha, bambo a Fikre," anatero. "Ikadali yofiira ngati tsiku lija munaimaliza."

Wansembe anayang'ana Mekuria, Mekuria anayang'ana ine. Ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu zake.

"Inde," anayankha mlongo wanga. "Sinasinthe ngakhale pang'ono."

Tambala uja tinadya madzulo ake, nditapempha moto kwa mayi wina wa kumeneko. Ndinam'dyetsa mlamu wanga ndi dzanja langa, monga timachitira ndi munthu amene timam'konda. Atameza anati, "Alamu, mawa tibwerere ku Dessie. Tsopano mukhoza kutisunga mpaka mutatopa."

Onse awiri anapita kale. Ine ndikadali pano, nkhuku zili mbwee pabwalo, ndipo palibe wom'bisira nsapato.