Nyemba za a Mwanamisi ndi raio-X

Ku Sanjala, mu mzinda wa Lichinga, kunamveka kuti nyemba za a Mwanamisi zimaziziritsa amuna m'nyumba, chifukwa zinawombedwa ndi raio-X, kuwala kuja amajambulira mafupa kuchipatala. Mwina linali bodza, koma mwamuna wa ku Lichinga, amene mphepo ya Juni inamukhwinyata kale, saseweretsa kamoto kamene kamutsalira.

A Mwanamisi akhala akugulitsa nyemba pa merkado kuyambira ali ndi mano onse. Nyemba zomwezo ndi zimene zinalera Assia, mwana wawo, mpaka anakwera ndege kukaphunzira ku Brazil. Ponyamuka anamumangira nyemba zosankha m'kansalu, poti mwanayo anati sukulu yake ndi yofufuza mapuloteni a m'nyemba.

Ntchitoyo, monga Assia ankaifotokozera pa foni, ndi yoseketsa. Amasinja nyemba, n'kutulutsa puloteniyo, n'kumusiya akusambira m'kadontho ka madzi. Kenako amamuwomba ndi raio-X. Kuwalako kukamugunda kumamwazika, ndipo kamwazikidwe kakeko ndi kamene kamaulula ngati mkuluyo ndi wobulungira, wamtali, kapena woyenda ndi anzake. Wa m'nyembayu akuti amagwirana atatuatatu, ngati banja pa mota imodzi, njinga yamoto ija.

A Mwanamisi zinawakomera zedi. Aliyense wogula ankauzidwa kuti nyemba zawo zinajambulidwa kunja, ndi makina aakulu kuposa bwalo la mpira. Anadzitama mpaka nkhani inafika kwa a Cipriano, osoka nsapato, amene anakumbukira kuti pojambulidwa mwendo kuchipatala anawaphimba malo ena ndi chinsalu cholemera. Nanga nyembazo anaziphimba ndani? Ena anathirapo mchere, kuti mbewuyo inabwerako n'kudzalidwa. Basi, amayi anayamba kudutsa pa benchi la a Mwanamisi maso ali kumwamba, anankafumbwe n'kumadyerera m'matumba.

A Mwanamisi ataona kuti geni ikufa, tsiku lina anaitana amayi onse a mumzere wawo wa pa merkado, n'kuimbira Assia foni yomveka kwa aliyense. Anamulamula kuti anene zoona zake za nyemba zawo. Assia anapempha kuti akambirane awiri. Iwo anakana, amvekere alibe chobisa.

"Mama, nyemba zanu zija anandilanda pa bwalo la ndege. Mbewu salola kulowa nazo chisawawa. Ndinagula zina m'sitolo ya konkuno, ndinkangoopa kukuuzani."

Anayesa kuwonjezera kuti raio-X satsalira m'chinthu, koma phwete linali litamuphimba kale. Mai Genoveva, akazi awo a Cipriano, ndiwo anayamba kutambasula thumba. A Mwanamisi ankathira nyemba m'chitini nkhope ili gwa, foni ataipanira paphewa.

"Ndiye sukulu yonseyo, iwe Assia, ukuphunzira nyemba za eni?"

Nyemba za a Mwanamisi sizinawombedwepo ndi raio-X. Mu Brazil sizinalowemo n'komwe.