Nkhuku za Mlongo Wanga

Ine sindiweta nkhuku. Adzukulu anga amati ndi ulesi, ena amati ndimaopa chitopa. Azinena. Nkhuku ndinaweta zokwanira pa utsikana wanga, ndipo zambiri sizinalowe mumphika mwanga. Zinkachoka pakhomo zili m'khwapa mwanga, miyendo yomanga ndi luzi, ndikupita nazo kwa anthu kukapepesera mlongo wanga, mnyamata wobadwa pambuyo panga.

Tinawoloka Ruo pothawa Apwitikizi iye ali kumsana kwanga. Bambo anatsalira kutsidya ndipo sitinawaonenso. Tinakhala pamalo a mzungu wina m'munsi mwa phiri la Mulanje, amayi ndi amalume akugwira thangata m'munda wa khofi, tiyi asanafale ngati lero. Amayi anamwalira ndi chifuwa mwanayo akuguluka mano. Tikuchoka kumanda anandikoka nsalu.

"Achemwali, mumachita bwanji kuti madzi azituluka m'maso?"

Ndinati ndi chibwana chabe. Koma pa maliro otsatira m'mudzimo ndinamuona atakhala pa chulu, akuyang'ana nkhope za olira mmodzimmodzi, milomo yake ikuyeserera. Chaka chisanathe ankalira bwino kuposa tonse.

Nkhuku yoyamba inapita atayatsa nkhokwe ya nkhalamba ina yoyandikana nafe. Sanathawe. Tinam'peza ataima pafupi, manja kumbuyo, akuonerera. Nditam'funsa anati ankafuna aone ngati makoswe angatuluke. Ndinam'menya mpaka dzanja langa kuwawa. Iye ankangondiyang'ana, kudikira kuti ndimalize.

Kwathu mwambo unali wotere. Wa m'banja mwanu akalakwira anthu, mbale wake ankatenga nkhuku n'kukagwada nayo pakhomo pa olakwiridwawo. Akailandira n'kuidya, mlandu wafa. Woutchulanso ndiye ankakhala wolakwa. Mwambo umenewu sindiunyoza. Tinali anthu ochokera m'midzi yosiyanasiyana, otayidwa pamodzi pamalo a eni, ndipo popanda nkhuku zimenezo tikanathana ndi zikwanje. Kungoti mwambowo anaupangira anthu a manyazi. Wolakwa akaona mbale wake akugwada m'fumbi chifukwa cha iye, mtima unkam'pweteka, sankabwerezanso. Mlongo wanga ankaona kuti nkhokwe yathunthu mtengo wake ndi tambala mmodzi, ndipo wogwada si iye.

Zinapita zina. Mbuzi ya eni yothyoledwa miyendo. Mnzake wosewera naye amene mlongo wangayo anam'kankha kuchokera mumtengo wa masuku, amene anakula akutsimphina. Nthawi zonse wonyamula ndinali ine, chifukwa amalume ankati mawondo awo atopa ndi thangata. Ndinkapita nkhope ikutentha ngati ndaba ndine. Pobwera ndinkam'peza akuimba mluzu.

Musaganize kuti anali chilombo chooneka. Ayi ndithu! Anali mnyamata woti ukam'ona unkalakalaka akanakhala wako. Kusukulu ya ku Mishoni anadziwa zilembo ine ndikadalimbana ndi kugwira choko, ndipo ndikulemba izi lero chifukwa iye ndiye anandiphunzitsa, moleza mtima, pa mchenga. Ankasenzera nkhuni azimayi okalamba pakakhala anthu oona. Akapitawo a kumunda ankam'konda. Amalume anapita naye kwa sing'anga, sing'angayo sanapeze mfiti kapena mzimu wokwiya. Pobwera mnyamatayo anayeserera mayendedwe ndi mawu a sing'anga uja mpaka amalume kugwira nthiti. Inenso ndinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimachita manyazi mpaka pano.

Sinali misala, pakuti wamisala sadziwa pobisa. Sunali ukali, sindinamuonepo atapsa mtima kwenikweni. Ndakalamba ndikuganiza za chinthu chimenechi, ndipo chomwe ndapeza n'chakuti malo amene mnzako akalira pamakupweteka, iye analibe. Ankadziwa kuti ena ali nawo, ndipo ankadziwa bwino pogwira.

Atamera ndevu anapeza mbeta ku Milonde, mtsikana woumba mbiya, wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Malume a mtsikanayo anabwera kwathu kudzafufuza khalidwe la mnyamata, monga amachitira anthu. Anafunsa m'mudzi monse. Nkhalamba ya nkhokwe inati, "Alibe mlandu ndi ine." Makolo a wotsimphina uja anatinso chimodzimodzi. Sananame, nkhuku anadya. Mlendoyo atakhala pakhonde pathu, ine ndinayamba kunena za mtengo wa masuku. Amalume anga anandidula.

"Iwe, zimenezo zinadyedwa kale. Ukufuna kutifukulira milandu?"

Ndinagwada n'kunena ndithu. "Pepani bambo, mwana wanuyo musam'patse mlongo wanga. Alibe chisoni."

Mlendoyo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Alongo ndi choncho amayi. Simufuna kutaya wokusemerani mipini!"

Nkhani inathera pomwepo. Mlongo wanga anapita ku chikamwini, kukakhala kwa mkazi monga mwa chikhalidwe chathu. Ndinene zoona, tsiku limene ananyamula mphasa yake mtima wanga unakhala pansi. Ndinali ndi mwana wokwawa, ndipo ndinali nditatopa ndi kuyang'ana kumene amalume ake aima. Ndinapuma, pamene mwana wa munthu wina ankayamba kumene.

Mlamu wangayo anandikonda popanda chifukwa. Anandiumbira mtsuko wa khosi lalitali, wa timizere m'mbali, umene ndikumwera madzi mpaka lero. Chilimwe china anafika yekha, thukuta lili kamukamu, osaseka. Titalowa m'nyumba anavula nsalu paphewa. Panali zilonda zozungulira, zina zouma, zina zatsopano.

"Ndi chikuni cha moto, alamu. Sakhala atakwiya ayi. Amangoti akufuna aone ngati ndilire."

Ndinam'sambitsa, ndinati asabwererenso. Anakhala nane mpaka ankhoswe a mbali zonse anakumana. Mlongo wanga anafika atavala malaya oyera obwereka. Anagwada, analira, anati satana anam'lowa, anatchula amayi athu akumanda. Azimayi a ku Milonde anayamba kulira naye. Ankhoswe anati mwamuna wolapa chotere ndi wosowa, banja ndi kupirira, ipite nkhuku. Ndinakana kuinyamula. Amalume anati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo ukakana iwe anyamula ndani? Ndinainyamula. Akuchikazi anailandira, anaidya, ndipo kuyambira tsiku limenelo zilonda zija zinakhala zosatchula, ngakhale kwa mwini phewa.

Potsanzikana mlamu wanga anandigwira dzanja. "Musadandaule alamu, mwina mwana akabadwa asintha." Anali ndi pakati.

Chimanga chitayamba kukhwima, awiriwo ankakhala ku msasa wa kumunda, m'mphepete mwa phiri, kuingitsa anyani. Kumeneko ndi kumene matenda a uchembere anam'yambira, nthawi isanakwane, dzuwa lili pamutu. Anatuma mwamuna wake kuti athamange kumudzi akaitane azamba ndi amayi ake. Iye anatsika ndithu. Panjira anapeza anthu akumwa mowa atamaliza kulimira mnzawo, n'kukhala pansi. Wina atam'funsa za mkazi wake anayankha kuti ali bwino, akuingitsa anyani. Anavina, anaseketsa anthu, anagona komweko. Amayi a mtsikanayo anakwera kumunda m'mawa mwake atanyamula ndiwo, n'kupeza mwana wawo ndi mdzukulu wawo atazizira.

Pa maliro palibe analira ngati mlongo wanga. Anadzigwetsa pansi, amuna kumugwira. Ali pakati pa kulirako anakweza maso n'kundiyang'ana, maso ouma m'kati ngati a mwana uja wa pa chulu, n'kupitiriza.

Anthu a pa mowa paja atanena zimene anaona, anam'pitikitsa ku Milonde, ndipo iye anabwerera kwathu. Ndinam'funsa chifukwa chake sanaitane azamba. Ankasenda nzimbe.

"Ndinaiwala, achemwali. Komanso ine ndine mzamba? Akanafa ndithu ameneuja, anali wofooka."

Amalume anati imfa siipepeseka ndi nkhuku, koma kukhala chete n'koipa koposa, ipite yotsegulira pakamwa, zina zikambidwa pambuyo. Ndinasankha thadzi lalikulu, loikira. Ndinayenda ulendo wonse wa ku Milonde osayankha moni wa munthu. Ndinapeza amayi a malemu atakhala pafupi ndi mbiya zosawotcha zimene mwana wawo anasiya, zitayamba kung'aluka. Ndinagwada patali, n'kuika nkhuku pansi.

Sanandilalatire. Akanandilalatira bwenzi nditapepukidwa. Anangondifunsa.

"Inu ndinu munanena paja kuti tisam'patse?"

"Ndine, mayi."

"Nanga imeneyi ndi yachingati?"

Anati, "Tengani nkhuku yanu. Tikaidya, mawa abwera ena kudzafunsa za iye, ife tidzati alibe mlandu."

Mayi ameneyo anaona tsiku limodzi chimene mudzi wathu wonse unalephera kuona kuyambira pa nkhokwe paja. Ndinabwerera nkhuku ili m'khwapa, ikutentha ngati mwana. Ndinkawerenga zipata zonse zimene ndinagwadapo, ndipo chipata chilichonse chinali sitepe yopita ku msasa uja. Sindinawotche nkhokwe, sindinagwire chikuni, ndinachenjeza pamaso pa anthu. Zonsezi ndimadziuza. Koma manyazi amene anayenera kubadwa mwa iye anabadwa mwa ine, ndipo amene anayeretsa njira yake ndi mawondo anga.

Patapita nthawi mlongo wanga anapita ndi amtengatenga a nkhondo ya azungu, ndipo sanabwerere. Ena amati anafa, ena amati anam'ona kutali ali kapitawo, ali ndi mkazi wina. Za mkazi ameneyo sindifuna kuganiza, koma ndimaganiza.

Tsiku lija pochokera ku Milonde ndinam'peza atakhala pansi pa mtengo pakhomo panga, akuseweretsa mwana wanga pamiyendo, mwanayo akuseka. Ndinam'landa mwanayo msangamsanga. Iye anayang'ana m'khwapa mwanga, nkhope yake n'kuwala.

"Akana? Zikomo kwambiri. Ndiye tiphe tidye achemwali, njala yandipha."

Anaipha yekha, anaiwotcha yekha. Itapsa anandiitana ndi mawu aja ankandiphunzitsira zilembo, kuti ndim'thirire madzi. Ndinatenga mtsuko wa khosi lalitali uja, ndinagwada, ndinam'sambitsa m'manja.